Munsi Wanu ndi Nsambo za Elube

Amayi, kodi kumene muliko mukupeza bwanji? Ine kuno ndilipo, kungoti pamene ndikulemba kalata ino zala zitatu za dzanja lamanzere ndaziviika m'kapu ya madzi amchere. Musadere nkhawa, si ngozi. Ndikufotokozerani bwinobwino, koma ndiyambe ndi za kumudzi, poti ndikudziwa kuti n'zimene mukanayamba kufunsa.

Mdzukulu wanu Agnesi uja munkamunena kuti ndi wamakani, mwana wa mlongo wanga Feliya, anachira mu Juni. Ndi mwana wamkazi, ndipo anamutcha dzina lanu. Chipumi ndi chanu chomwe. Akalira amamveka mpaka kumjigo, moti Feliya akuti mwabweranso kudzatilamula. Chimanga chaka chino sichinachite bwino, mvula inadula chikungoyamba kumasula, koma mpunga wa kusikimu ya mthirira unatipukuta misozi. Mango aja munadzala kuseri kwa khitchini agwira ndithu, ngakhale nthambi imodzi inagwera denga ndi mphepo ya mu Ogasiti. Tinakonza. Feliya bondo likumuvutabe. Akamadandaula ndimamukumbutsa mawu anu aja, oti bondo limapola ndi ulendo, iye n'kundiuza kuti nzeru zimenezo ndizikanena kuchikamwini kwangako.

Za imfa ya mpongozi wanu Elube sindinakulembereni, ngakhale papita chaka ndi miyezi iwiri. Ndinayesa kangapo, cholembera n'kumangoima pa dzina lake. Kenako ndinati poti wafika komweko akuuzani yekha, ndipo iye amafotokoza nkhani bwino kuposa ine. Ndikadali kwawo kuno kutsidya kwa Domasi, m'nyumba yomwe ija, ine ndi mdzukulu wanu Tiyamike. Dzulo, Loweruka, tinavundukula chiliza chake. Nkhani ya zala zangazi ndi ya dzulo lomwelo.

Ali m'chipatala, masana ena nditamubweretsera phala, anandiuza kuti: "Bambo a Tiya, pamaliro anga mudzakhala muli pamphasa, sadzakulolani kugwira gitala. Koma tsiku la chiliza mudzandiimbire nyimbo yanga ija. Osati mothamanga ngati a kwaya. Pansipansi, momwe timaimbira." Ine ndinati asiye kulankhula zachibwana, amwe phala lisanazizire. Iye anati: "Mwamva kapena simunamve?" Ndinati ndamva. Sanadzatchulenso.

Mawu akuti pansipansi amenewo ali ndi mbiri yake, ndipo theka lake inu mukulidziwa. Mukukumbukira tsiku lija munandithamangitsa ndi chipande nditasolola waya wa buleki pa njinga ya abambo kuti ndikungire banjo yanga ya chigubu? Munati mwana ameneyu adzadya nyimbo. Sindinadye nyimbo, Amayi, ndadya mpunga ngati wina aliyense, koma matendawo sanandichoke. Nditakwatira ndinagula gitala yamagetsi yakale kwa munthu wina wochokera ku Joni, n'kumaimbira kwaya ya kutchalitchi. Inabwera ndi nsambo zowonda, zija oimba amazitchula kuti nambala 9. Sindingazinyoze. N'zofewa, chala chimangotsetsereka, ndipo nyimbo yothamanga umaimaliza dzanja lisanadziwe kuti lagwira ntchito.

Vuto linali Elube. Mawu ake anali aakulu, otsika, ngati akuchokera m'mtsuko. Nyimbo za kwaya zonse zinkayambira m'mwamba momwe iye sankafika, ndipo amayi anzake ankamuseka kuti: "Elube, kaime kwa azibambo uko." Iye ankaseka nawo, n'kumakaima mzere wakumbuyo, kumangogwedeza milomo. Koma ine ndinkamumva kusikimu tikamawokera mpunga. Kumeneko ankaimba nyimbo imene anapeka yekha, yopempha kuti madzi akadzadza wina amugwire dzanja, ndipo anthu a m'mapuloti oyandikana ankaweramuka n'kumamvetsera mbande zili m'manja.

Tsiku lina ndinaganiza zoti gitala ndiyo itsike, imutsatire iye. Ndinamasula nsambo zonse pang'onopang'ono mpaka zitafika pa mawu ake. Kufika zinafika, koma zinangoti lende ngati chingwe choyanikapo zovala. Ukazikhudza zinkamenya tizitsulo ta pakhosi la gitala, ukazimenya mwamphamvu mawu ankasochera. Ndinapita nayo kwa Che Saidi, okonza mawailesi pa Songani, amene paunyamata wawo ankaimba m'bandi asanayambe kulimbikira kumzikiti. Anailiza kamodzi n'kundiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Achimwene, mukufuna ng'ombe ilire ndi khosi la nkhuku? Mawu akulu amafuna waya wamkulu. Ikani nambala 12."

Pa Songani panalibe, ku Zomba kunalibe. Tinachita kutuma kondakitala wa minibasi kuti akatifunire ku Limbe. Zitabwera tinapeza kuti sizikulowa. Kumutu kwa gitala kuli kafupa koyera kokhala ndi timipata tisanu ndi kamodzi, momwe nsambo iliyonse imagonamo, ndipo timipatato tinali tochepa. Ndinatenga chidutswa cha sowo yodulira zitsulo kuti nditikuze. Che Saidi anandigwira mkono nati: "Ganizani kaye. Kukuza n'kosavuta, koma mukakuza simudzabwezanso." Ndinati ndaganiza kale, n'kutikuza. Ndinali ndisanaganize, Amayi, ndinkangofuna kumva mkazi wanga akuimba kutsogolo.

Sindidziwa ngati ndingathe kukulemberani mmene zinalirira nditazikunga. Mawu ake anali odzaza, ngati munthu amene wadya n'kukhuta ndiye akulankhula. Ngakhale ndinazitsitsa kufika pa mawu a Elube, sizinalende, zinaima chilili. Ukazimenya mwamphamvu sizinjenjemera, zimangokubwezera zimene wazipatsa. M'tchalitchi mwathu muja mwa malata, Okutobala akafika, nsambo zowonda zinkasintha mawu nyimbo ili pakati, ine n'kumapotokola makiyi abusa akundiyang'ana. Izi zimakhala pomwe wazisiya. Zowonda ndinkadula pafupifupi Khirisimasi iliyonse, pomwe izi ndinkachita kuzichotsa ndekha zikachita dzimbiri. Ndipo chimene ndimachikonda koposa n'chakuti ukaliza imodzi n'kuchotsa dzanja, imapitirizabe kulira yokha, osafulumira kufa.

Lamulungu loyamba limene Elube anatsogolera nyimbo inu munalipo, munabwera kudzaona Tiyamike akubatizidwa. Potuluka simunandiyamikire, si khalidwe lanu. Munangoti: "Chiphokoso chako chija tsopano chayamba kulankhula ngati munthu wamkulu." Mawu amenewo ndinawasunga mpaka lero.

Ndikaganiza za nsambo zimenezi ndimakumbukira munsi wanu wa muwanga, uja anthu ankaubwereka kamodzi osadzabweranso. Munkati munsi wopepuka umakunyenga m'mawa n'kukusiya ndi ntchito madzulo, pomwe wolemera iwe ungoukweza, kutsika umatsika wokha. Munkanena zoona. Koma n'zoonanso kuti munsi womwewo ndi umene unakutherani mapewa, mpaka m'zaka zanu zomaliza Feliya ankachita kukuvekani bulauzi. Mutalephera kuukweza munaupereka kwa Elube, osati kwa ana anu, chifukwa ndi iye yekha amene ankasinjira osadandaula. Feliya mpaka pano akaukumbukira amatsonya.

Nsambo zolemera nazo zili choncho, sizipereka chaulere. Zimaluma. Masabata oyamba zala zinatupa matuza, ndipo Elube ankandiseka kuti ndikugwira khasu ngati mphunzitsi. Pambuyo pake khungu la kunsonga kwa zala linauma n'kulimba ngati chikopa, ululu n'kutha. Koma zina sizinathe. Kukankhira nsambo m'mwamba kuti ilire modandaula, monga amachitira anyamata a masiku ano, ndi chala chimodzi sizitheka, umachita kuitana zala zinzake. Nyimbo zothamanga dzanja limatopa ndime yachiwiri isanathe. Akwaya ena ankadandaula kuti gitala yanga yakalamba, ikukokera nyimbo pansi. Mwina ankanena zoona. Ine ndinali nditasankha woti ndizimuimbira.

Titaika maliro ndinakulunga gitala m'chitenje cha Elube n'kuipachika kuchipinda. Sindinaikhudze chaka chonse. Chimene sindinaganizire n'chakuti khungu lolimba lija si lako, umangobwereka kwa nsambo, ukasiya kuzigwira zimalanda. Kuonjezera apo, Julayi ndi Ogasiti ndinali m'madzi tsiku ndi tsiku, kuwokera mpunga wa chilimwe. Zala zinafewa ngati za khanda la Agnesi.

Amalume ake a Elube atabwera kudzanena tsiku la chiliza, kunali kutatsala masabata atatu. Ndinatsitsa gitala, ndinapukuta nsambo ndi kansalu konyowa parafini, n'kuliza. Amayi, patatha chaka chathunthu, zinali zikadali pafupifupi pomwe ndinazisiya. Ndinakhala kanthawi ndikuziyang'ana. Koma nditaimba pang'ono chabe, matuza anatuluka, ndipo tsiku lachitatu anaphulika.

Limenelo linali vuto loyamba. Lachiwiri linali woimba. Ine mawu ndilibe, mukudziwa. Woyenera kuimba nyimbo ya mayi ake anali Tiyamike, amene tsopano ndi mtsikana wamkulu, anamaliza folomu 4. Koma kukwaya iye amaimba ndi a mawu okwera, kumwamba kwenikweni ngati mpheta. Nditamuyambira nyimbo pa malo a mayi ake anapukusa mutu.

"Ababa, pamenepo sindifikapo. Kwezani."

Ndinati ayese kaye. Anati: "Ndati sindifikapo." Anayang'ana kumbali, ine ndinaleka.

Ndiye ndinayamba kukweza. Ndinakunga nsambo zolemera zija kuti zikafike pa mawu a mwanayo. Zinauma gwa ngati waya wa mpanda, khosi la gitala linayamba kupindika, ndipo chala chapakati chinang'ambika. Ndinazibweza pansi. Ndinayesa nzeru yakale yomanga pensulo mopingasa pakhosi la gitala ndi lekeni ya chubu cha njinga, kuti nsambo zifupike mawu akwere. Pa nsambo zowonda zimenezi zimatheka. Izi zinangoidya pensuloyo mpaka inathyoka pawiri. Pomaliza ndinakwera minibasi kupita ku Zomba kukagula nambala 9. Ndinachotsa nsambo za Elube, ndinazipinda bwinobwino n'kuziika m'chitini cha mabisiketi, n'kukunga zatsopano.

Zala zinasangalala, koma khutu linakana. Nsambo zowondazo zinkangogwedera m'timipata takulutakulu tija ngati mwana wovala nsapato za bambo ake. Iliyonse inkalira ndi kaphokoso ka ntchentche yotsekeredwa m'botolo. Lachiwiri ndinapalasa njinga mpaka pa Songani. Che Saidi akalamba, ndevu zonse mbuu, koma kukumbukira ndiye ayi ndithu.

"Ndinakuuzani chiyani chaka chija? Kapena ndinkalankhula Chiyao?"

Ndinati anandiuza. Anaitembenuza gitalayo uku ndi uku, kenako anati nkhani yake ndi yaing'ono. Akapempha fupa la ng'ombe kwa ogulitsa nyama, asema kafupa katsopano ka timipata tating'ono, Lachisanu ndidzatenge. "Kakalekaka tikagumula ndi tchizulo. Sikatuluka kamoyo, musadzati sindinanene." Ndinati ndibwera nayo Lachinayi m'mawa.

Pobwerera njinga ndinkangoikankha. Ndikufuna mumvetse pamene ndinaima, Amayi. Ndikabwezera nsambo zolemera, mwana sangaimbe, ndipo zala zanga mwina sizingafike kumapeto. Ndikalola fupa latsopano, nyimbo iimbidwa bwinobwino, anthu ayamikira, koma iimbidwa m'mwamba, momwe Elube ankaima kumbuyo n'kumagwedeza milomo. Palibe akanadziwa kuti ndaphwanya mawu. Pa phala paja tinalipo awiri okha. Ndinadziuza kuti theka la lonjezo liposa kukhala chete, koma mtima sunavomere, unangotopa.

Lachitatu ndinali kumanda ndi mmisiri, tikumalizitsa kupaka chiliza. Madzi anatithera dzuwa lili pamutu, ndiye ndinabwerera kunyumba ndi zigubu nthawi imene palibe ankandiyembekeza. Amayi a pamudzi anali atapita kunkhuni zophikira thobwa. Ndikufika pa mpanda ndinamva munsi ukugunda kuseri kwa nyumba, ndipo pamodzi ndi munsiwo ndinamva Elube akuimba. Nyimbo yake yomwe ija, pansipansi, mpweya ukutuluka pomwe munsi ukutsika. Sindinachite mantha. Ndinangoima nditagwira njinga, zigubu zikugundana, n'kumadziuza kuti ndisasunthe kuti asasiye.

Nditazungulira ndinapeza ndi Tiyamike, akusinja chimera ndi munsi wanu wa muwanga. Atandiona anasiya zonse ziwiri, munsi ndi nyimbo.

"Ndimayesa muli kumanda."

Ndinati: "Iwe unati sufikapo."

Anayamba kukokolola chimera cha m'mbali mwa mtondo ndi dzanja, osandiyang'ana. Kenako anati: "Sabata ija titaika amayi ndinkasesa pabwalo ndikuimba. Inu munatuluka opanda nsapato, munakafika kusikimu, tsiku lonse osadya. Ndiye ndinati basi. Kukwaya ndinapempha ndekha kuti andiike kwa okwera."

Tsiku limenelo ndimalikumbukira. Ndinkaganiza kuti mutu wanga wayamba kusokonekera, kuti ndikumva zinthu zomwe palibe. Sindinadziwe kuti anali mwana. Zaka zinayi anali kusukulu yogonera komweko, mawu ake anakhwimira kumeneko ine osadziwa, ndinkamuwerengerabe mawu a ku Sande sukulu. Ndiye taganizani, Amayi, chaka chonse mwana akudzifinya pakhosi, kuimba mawu a eni ake, kuti bambo ake adye. Ine m'nyumba momwemo, osaona kanthu.

Ndinamufunsa ngati sizimamupweteka kuimba m'mwamba chonchija. Anati: "Zimapweteka. Nanga inu zanuzo sizikupwetekani?" Analoza zala zanga ndi chibwano, ndendende mayi ake. Ndinati apitirize kusinja, chimera sichidikira. Anakweza munsi, ndipo patapita kanthawi anayambanso kuimba, poyamba monong'ona. Ine ndinalowa m'nyumba, ndinatsegula chitini cha mabisiketi. Mmisiri anadikira madzi mpaka anachita kunditsatira.

Lachinayi ndinapitabe pa Songani, koma wopanda gitala. Nsambo zowonda zija ndinawapatsa Che Saidi kuti adzapatse wina amene zingamuthandize, poti n'zabwino ndithu, kungoti si za gitala iyi. Anayang'ana zala zanga n'kutsonya. "Loweruka ndi mkuja. Khungu silimera ngati bowa." Anatulutsa kabotolo ka guluu womatira mawailesi, nandionetsa mmene ankachitira m'bandi akakhala ndi dansi masiku atatu otsatizana: kadontho pa nsonga ya chala chilichonse, kuuzira mpaka kaume, kenako kena pamwamba. "Akutengerani ndime ziwiri. Yachitatu mudzaimba ndi nyama yanu." Ndinafunsa ngati sizoopsa. Anati choopsa ndi kukwatira, izi n'zazing'ono.

Dzulo m'mawa tinamanga ampu yokuzira mawu a gitala ndi batire pa njinga, batire titaitchaja pa sola ya oyandikana nawo. Anthu anabwera ambiri, a kwawo kwa Elube, a kutchalitchi, ndi a kwathu. Feliya anafika ndi bondo lake lomwelo. Akulu a mpingo atapemphera, amalume anachotsa nsalu pachiliza, amayi analira pang'ono monga mwa mwambo, kenako anandikodola. Ndinakhala pa chigubu, gitala pamwendo. Akwaya anali atakonzeka kulandira nyimbo m'mwamba momwe amamudziwira Tiyamike. Nditayamba pansi ndinaona ena akuyang'anana, kuganiza kuti ndalakwitsa.

Mwana uja atatsegula pakamwa, azakhali ake a Elube, okalamba aja osaona bwino, anatembenuka kuyang'ana kumbuyo kwawo. Kenako anagwira dzanja la amene anali pafupi. Akwaya sanalowemo konse. Amayi aja ankati Elube akaime kwa azibambo anali pomwepo, mitu ili pansi. Tinaimba awiri, momwe tinkaimbira ndi mayi ake, osathamanga. Pansi pa mitengo ya kumanda mawu a nsambo zija ankayenda ndi nthaka, ndinkawamva m'mapazi.

Che Saidi sananame. Guluu anagwira ndime ziwiri. Yachitatu ikuyamba anasendeka pa chala chapakati, ndipo nsambo inalowa m'bala lija. Ndinamva kutentha mpaka m'chigongono. Ndinakumbukira inu mukukweza munsi mapewa akulira, ndinati ine ndingokanikiza, kulira zilira zokha. Tinafika kumapeto. Ndinaliza nsambo yaikulu komaliza n'kuchotsa dzanja. Inalirabe, inalirabe, Tiyamike atatseka kale pakamwa, ndipo palibe anakhosomola kapena kusuntha phazi mpaka inatha yokha. Nsambo yowonda ikanafa kalekale, anthu n'kuyamba kufuna nsapato zawo. Kanthawi kameneko, Amayi, ndi kamene ndinalipira ndi zala, ndipo sindinadyeredwe.

Tikumwa thobwa kunyumba, amalume anandiitanira pambali. Ndinkayembekeza kuti anena za kundimasula kuti ndibwerere kwathu, poti chiliza chatha. Anayang'ana magazi pa malaya anga nati: "Akamwini, gitala imeneyi munaisema muyezo wa mudzi uno. Kwina sikakalira. Khalani." Ndinathokoza. Feliya atamva anati zili bwino, kwathu kulibe malo a anthu aphokoso, koma ndinamuona akupukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje.

Wina atandifunsa lero ngati aike nsambo zolemera, sindingamuyankhe msanga. Ndingamufunse kaye kuti akufuna kuimbira ndani. Ngati akufuna kuthamanga ndi kusangalatsa achinyamata, kapena ngati gitala amaigwira mwa apo ndi apo, atenge zowonda, sadzalira nazo. Zolemera zimafuna munthu wobwera tsiku lililonse. Ukazithawa chaka zimakulandira ndi mano. Koma zimasunga mawu pomwe unawasiya, ndipo zimenezi ine ndaziona ndi maso.

Munsi wanu uli m'manja abwino. Tiyamike akuti ndi wolemera mopanda nzeru, koma sagwira wina. Ndamuuza kuti azipumira, za mapewa anu ndamufotokozera. Lamulungu likubwerali akauza a kwaya kuti akuchoka kwa okwera. Akuti akamuuza kuti akaime kwa azibambo, akaima kutsogolo.

Ndili ndi pempho limodzi. Mukamuona mpongozi wanu, mumufunse ngati inamveka, ndiponso ngati tinayambira pamalo pake. Akanena kuti ndime yachitatu ndinathamanga pang'ono, mumuuze za chala, asandiwerengere. Ine sindinafike poti n'kumulembera ndekha, koma mwina sipatali.

Gitala sindiipachikanso. Mabalawa akangotseka ndiziigwira tsiku lililonse, ngakhale pang'ono, kuti khungu libwerere. Mvula isanagwe tibwera ndi Tiyamike kudzalambula pamanda panu, ndipo ampu ndi batire tidzamanga pa njinga. Gitalayi munangoimva kamodzi ikulankhula ngati munthu wamkulu. Mudzaimvanso, ndi mdzukulu wanu akuimba, ndipo ulendo uno zala zidzakhala zanga, zopanda guluu.

Madzi a m'kapu azizira, ndikathiremo ena.

Ndine mwana wanu wokukondani, uja munati adzadya nyimbo,

Fanuwelo